Ufa wa phala wa pa kashopu ka zitsamba: ufa ndi wabwino, malangizo awo ndi amene ndakana

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti achimwene ndimawadyetsa chani kuti thupi libwerere chonchi, nde ndati bola ndingolemba kamodzi za ufa wa phala womwe ndakhala ndikugula miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Ndimagula pa kashopu kena ka zitsamba ndi zakudya kuno ku Zomba. Dzina sinditchula chifukwa pali china chomwe chinandipweteka mtima ndipo sindikufuna kumuphera munthu bizinesi, mayi ake a shopuyo ndi olimbikira ndithu.

Achimwene anapezeka ndi chifuwa chachikulu atatsokomola pafupifupi miyezi iwiri, thukuta usiku mpaka bulangete kunyowa ngati lachapidwa, chakudya osachifuna. Tsiku lomwe zotsatira za makhololo zinatuluka anawakweza pa sikelo, makilo 47, munthu wamtali amene ankanyamula thumba la simenti paphewa osapumira. Lamba tinachita kuboola mabowo ena awiri ndi msomali. Anesi anatiuza kuti mankhwala ndi a miyezi 6 osadumpha ngakhale tsiku limodzi, kenako anayang'ana ine nkuti "mayi, mapiritsiwa amafuna munthu wodya, musamawasiye ndi tiyi yekha." Koma nsima inkawakanika, mbamu ziwiri basi asamba m'manja. Nchifukwa chake ndinayamba kusaka phala.

Ufawu ndi wosakaniza mgaiwa, soya wokazinga, mtedza ndi mawere pang'ono. Ukufanana ndi Likuni Phala koma nsinjiro ndi zambiri, ukangomasula paketi fungo la mtedza wokazinga limadzadza khitchini yonse. Soya wake amamukazinga mokwanira, ndipo apa ndi pomwe ogulitsa ambiri amalephera, soya wosapsa amanunkha nyemba zaziwisi komanso amatupitsa mimba, munthu wodwala akalawa kamodzi sabwerezanso. Uwu ayi. Ndimasungunula kaye m'madzi ozizira nkuthira m'madzi otentha, mphindi 15 pamoto wochepa uku ndikutakasa, sukhala ndi mibulu. Ndimaonjezera supuni ya mafuta ophikira, ndalama ikapezeka dzira kapena mkaka. Achimwene anayamba ndi theka la kapu, sabata yachitatu anali akumaliza bakuli lonse nkumakanda m'poto.

China chomwe chinandikoka, tsiku lina ndinafika mmamawa ndinapeza atsikana awiri kuseri kwa shopu ali ndi malichero akusankha mtedza umodziumodzi, wonyala ndi wachuku akutaya pambali. Chuku cha mtedza chili ndi poizoni wowononga chiwindi ndipo kukazinga sikumuchotsa, nde kwa munthu amene akumwa mankhwala a TB omwe chiwindi chikulimbana nawo kale, zimenezi si zazing'ono. Pamenepa mayiwa ndimawapatsa ulemu.

Zofooka zilipo. Mapaketi salembedwa tsiku lomwe ufa unagayidwa, pomwe ufa wamafuta chonchi suchedwa kuwonongeka makamaka nyengo yotentha. Mu Okutobala ndinagulapo paketi yowawa kukhosi, ndinabweza ndipo anandisinthira osakangana. Mtengo nawo ndi wokwera ukayerekeza ndi kugula zinthu wekha nkupita nazo kuchigayo, kungoti ine ndi ntchito komanso wodwala pakhomo nthawi yosankha mtedza ndinalibe.

Tsopano chomwe chinandipweteka. Mwezi wachitatu achimwene atayamba kuyenda ndinapita nawo ku shopu kuja, mayi aja anasangalala kuwaona nkuyamba kuwalangiza. Amvekere, "Achimwene, tizilombo tili paliponse, mumpweya, m'madzi, nanga bwanji achemwali anuwa sanadwale mukugona nyumba imodzi? Vuto ndi thupi lofooka basi. Thupi mwalimanga kale, mapiritsi aja tsopano akungokuotchani m'kati, si mukuona mkodzo kufiira?" Nkutulutsa botolo lolembedwa Immune Booster kuti azimwa limenelo m'malo mwake. Ine ndinangoti tamva mayi, tinalipira ufa nkumapita, sindinadziwe kuti mawuwo alowa. Patatha masiku atatu ndikuwerenga mapiritsi ndinapeza a masiku awiri sanamwedwe, ndinawafunsa, anangoyang'ana pansi nkuti "ine ndachira mlongo wanga, kwatsala nkudya basi." Abale ndinalira tsiku limenelo. Mawa lake ndinawatengera kuchipatala, anesi anawakhazika pansi nkuwafotokozera kuti kufiira kwa mkodzo ndi mtundu chabe wa mankhwala a rifampicin si magazi ayi, komanso kuti munthu amayamba kumva bwino tizilombo tisanathe tonse, ukasiyira panjira totsalato timabwerera ndipo titha kukhala tosamva mankhwala, pamenepo chithandizo chake chimakhala chovuta kwambiri.

Ndaganizirapo kwambiri za mawu a mayi aja chifukwa sanali bodza lokhalokha, nchifukwa chake analowa mosavuta. Ndi zoona kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse pa dziko lapansi kachilombo ka TB kanamulowapo, koma mwa iwowo odwala m'moyo wawo wonse amakhala 5 mpaka 10 pa 100 alionse, enawo chitetezo cha m'thupi chimakapanikiza nkukhala phee. Amene amagwa kawirikawiri ndi osadya mokwanira, amene ali ndi HIV, a shuga, a mowa ndi fodya. Achimwene HIV alibe, anawayeza, koma ankagwira ntchito yomanga kudya kamodzi patsiku, madzulo kachasu. Ku India m'dera la Jharkhand anachita kafukufuku yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2023, ankapereka chakudya mwezi ndi mwezi kwa anthu okhala nyumba imodzi ndi odwala TB, ndipo odwala atsopano anachepa ndi pafupifupi 40 pa 100 alionse. Chakudya chabe. Nde akamati thupi lamphamvu limateteza, ine ndikuvomera ndi manja awiri, ndaziona m'nyumba mwanga.

Koma ife alimi tikudziwa za kaufiti. Amakonda munda woguga, ukathira manyowa nkumasinthasintha mbewu amachepa ndithu. Komabe kaufiti samera kuchokera ku kuguga kwa nthaka, ali ndi njere zake zazing'ono ngati fumbi zomwe zimakhala m'dothi zaka zambiri kudikira. Munda woguga wopanda njerezo sumera kaufiti, ndipo akamera kale palibe mlimi amene amangothira manyowa nkumusiya achite maluwa, amamuzula. TB nayonso ili ndi njere yake, kachilombo komwe Robert Koch anakaonetsa poyera ku Berlin mu 1882. Phala lili ngati manyowa, mapiritsi ndi amene amazula. Achimwene ankafunika zonse ziwiri tsiku lililonse, ndipo ife tonse m'nyumba tinkafunika mawindo otsekula, mwana wanga wa zaka zitatu anamupatsa mankhwala oteteza ngakhale anali wonenepa bwinobwino.

Komanso tiyeni tikumbukire kolera wa 2022 mpaka 2023, anatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno mpaka sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe kuchedwa kutsekulidwa mu Januwale 2023. Sanasankhe oonda okha, anagwetsanso anyamata amphamvu zawo odya bwino. Chinatithandiza nthawi imeneyo ndi klorini m'madzi, sopo, Thanzi ORS, katemera ndi kuthamangira kuchipatala msanga. Munthu amene akanamvera zoti tizilombo tilibe ntchito bola thupi, bwenzi akumwa madzi a pachitsime osathira kanthu.

Ndinabwerera kwa mayi aja ndekha, shopu ili phee, ndinawauza mwaulemu kuti mayi ufa wanu wathandiza kwambiri kwathu koma mawu aja anatsala pang'ono kundiphera mlongo wanga. Anakhala chete kanthawi, kenako anati iwo amangofuna kuthandiza ndipo sankadziwa za mkodzo uja. Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona, si munthu woipa mtima. Koma mabotolo aja akadali pa shelefu, ndipo tsiku lina ndinawamva akuuza bambo wina wa BP zofananako, nde ngati mukupita kumeneko ndi wodwala amene ali pa mankhwala a kuchipatala, kaya a TB, ma ARV, a shuga, musamusiye yekha pa kauntala.

Achimwene anamaliza miyezi yawo 6, makhololo omaliza anatuluka opanda kanthu, pa sikelo ali pa makilo 58 ndipo lamba uja abwerera pa bowo lakale. Ufa ndikugulabe, pano ndi wa ana asanapite kusukulu. Ndimatenga mapaketi a theka la kilo kuti uzitha msanga, ndimafunsa tsiku lomwe agaya, ndimanunkhiza ndisanalipire, ndipo kunyumba ndimathira m'chigubu chotseka bwino nkuika pamalo ozizira. Ndawapempha kawiri kuti azilemba deti pa paketi ngakhale ndi cholembera chabe, akuti ayamba mwezi wamawa.