Sitima ya ku eyapoti: iziima paliponse kapena izingodutsa?

Tiyerekeze ayala njanji kuchoka ku eyapoti ya Kamuzu kubwera mtauni, poti pa Kanengo njanji ilipo kale. Ena akuti iziima Lumbadzi, Kanengo, Area 25, Area 18, City Centre mpaka kudepoti kuti okwera achuluke ndalama zizilowa, komatu sitima yoima paliponse ndi minibasi basi, ndege ikunyamuka 2 koloko iwe mtima uli m'mwamba pa 25 kudikira anthu atsitse matumba. Ine ndili mbali ya masiteshoni atatu, Kanengo, City Centre ndi Old Town. Koma a ku Lumbadzi ndi ku 25 asasiyidwe, aziwapatsa yawo yoima ponseponse m'mawa ndi madzulo, njanji yake yomweyo.