Series recording ya pa Explora yatithetsera mkangano wa rimoti

Ndagwiritsa ntchito DStv Explora kwa nthawi ndithu ndiye ndati ndilembeko za series recording, chifukwa ndaona kuti ambiri ali nayo dikodayi koma amangodziwa zoimitsa mpira pa live kenako n'kupitiliza. Kwa ine phindu lenileni lili poti umaiuza dikoda kamodzi kokha kuti pulogalamu yakutiyakuti uzindisungira gawo lililonse, basi iweyo n'kumapanga zako.

Kuseta kwake nkosavuta olo pang'ono. Mulowe mu TV Guide, mupeze pulogalamu yanuyo, mudine batani lorekodera pa rimoti, ikufunsani ngati mukufuna gawo lokhalo kapena series yonse, inu musankhe series. Pa guide pamabwera kachizindikiro kosonyeza kuti zatheka. Zomwe yarekoda mumakazipeza mu Playlist, magawo a pulogalamu imodzi ali pamodzi, simuchita kusakasaka.

Kwathu kuno amayi anga amakonda ma series a pa Zee World, channel 166, ndipo amatsatira ndi mtima wonse moti akaphonya gawo limodzi tsiku lawo lawonongeka. Vuto linali loti nthawi yomweyo bambo a kunyumba akufuna mpira pa SuperSport, ana nawo akulilira makatuni, ine ndikuchokera ku shifiti ya usiku zonse zadutsa kale. Panopa bambo amaonera mpira wawo uku dikoda ikurekoda za amayi mwakachetechete, m'mawa ana akapita ku sukulu amayi amakhala pa mkeka ndi tiyi wawo n'kumaonera mwamtendere, pakafika ma advert amathamangitsa okha, rimoti anaizolowera kuposa tonse m'nyumba muno. Zimandisangalatsa kwambiri kuwaona choncho.

Koma apa ndiye mumvetsere bwino, chifukwa ambiri amati dikoda sikurekoda chonsecho vuto lili pa soketi. Ife tinazolowera kuthimitsa chilichonse pa khoma tikamagona kapena tikamachoka, kusunga mayunitsi komanso kuopa kuti magetsi akabwera mwamphamvu angaotche zinthu, ndipo maganizo amenewa ndi abwino ndithu, koma dikoda yothimitsidwa pa khoma singarekode kanthu. Muziisiya pa standby, TV yokhayo ndi imene mungathimitse. Ngati mukuopa zoti ipsa gulani surge protector, ndipo ngati kwanu magetsi amathimathima ngati kwathu kuno ka UPS kakang'ono (kabatire kosunga magetsi) kapena inverter kamathandiza zedi, apo ayi mupeza gawo laduka pakati penipeni pomwe nkhani yafika pokoma. Mvula yamphamvu ya mu Januwale ija nayonso ikatseka signal pa dishi, chorekodedwacho chimatuluka chodukaduka momwemo, pamenepo palibe chomwe dikoda ingachite.

China, dikoda imatsatira nthawi yomwe yalembedwa pa guide. Ma series ambiri amayamba ndi kutha pa nthawi yake ndiye palibe vuto, koma mpira wa makapu womwe ungapite ku extra time ndi mapenate ine ndimarekodanso pulogalamu yotsatira kuti mathero asandiphonye.

Musanagule dziwani kuti pamafunika Smart LNB (kachipangizo kolandira signal kamene kamakhala kutsogolo kwa dishi), ndiye itanani installer wodziwa ntchito yake osati wongoyesa, komanso pali access fee ya mwezi ndi mwezi pamwamba pa package yanu kuti zorekodazi zizigwira ntchito. Kwa munthu wokhala yekha amene amangoonera nkhani madzulo ndalama imeneyi mwina siyofunika, koma pa banja la anthu okonda zosiyana ngati lathu ndikuona kuti ikugwira ntchito yake. Ndipo mumarekoda ma channel okhawo omwe ali pa package yomwe mwalipira.

Malo pa hard drive amatha msanga kuposa momwe mungaganizire makamaka za HD, pulogalamu yotuluka Lolemba mpaka Lachisanu ikangokhala miyezi iwiri osafufuta ndiye magawo aunjikana ambirimbiri. Ine Lamlungu lililonse tikabwera ku tchalitchi ndimakhala ndi amayi n'kumawafunsa kuti ili mwaonera, akati eya ndimafufuta, ndipo series ikatha ndimaichotsanso pa zomwe zasetedwa. Ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5, inayo ndasunga chifukwa mtengo wogulira dikodayo ndi wokwera kwa ambiri a ife.