From Zero ya Linkin Park: ndachimvera mokwanira, ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5

CD ya From Zero ndinagula mu Disembala 2024, patangopita masabata ochepa chimbalechi chitatuluka pa 15 Novembala. Ndinachita dala kusafulumira kulemba. Gulu lomwe wakula nalo likatulutsa chimbale, tsiku loyamba khutu limangosakasaka zomwe zasowa, zomwe zilipo osazimva. Pano ndachimvera m'takisi pochoka ku Rosettenville kupita ku Wynberg komwe timawotcherera mageti, ndachimvera Lamlungu ndikuchapa, ndachimveranso usiku ana atagona. Tsopano ndikhoza kulankhula.

Za katunduyo ndinene mwachidule. Chitsekereni masitolo a Musica mu 2021, kupeza CD yatsopano kuno ku Joni ndi ntchito, ndiye ndinachita kuitanitsa pa intaneti. Inafika mochedwerako kusiyana ndi tsiku lomwe analonjeza, chikuto chitaphwanyika pang'ono pakona, koma mbale yake inali bwinobwino, siidumpha. Sindinabweze. Ena amandifunsa kuti ndimavutikiranji ndi CD pomwe zonse zili pafoni. Ine zimbale zonse za gululi ndili nazo pashelefu, ndipo sindikanalola kuti chachisanu ndi chitatuchi chisowepo.

Kuti mumvetse maganizo anga muyenera kudziwa komwe ndikuchokera. Linkin Park ndinaidziwira ku Ndirande, msuweni wanga atabwera ndi CD yowotcha yomwe munali nyimbo zija anapanga ndi Jay-Z mu 2004. Tinkatsata Jay-Z, koma yemwe ananditenga mtima anali mnyamata wowonda uja, Chester Bennington. Kenako ndinasaka Hybrid Theory ya mu 2000 ndi Meteora ya mu 2003. Mayi anga ankati ndi nyimbo za anthu ogwidwa mizimu, anzanga ena ankati ndi za azungu. Koma chomwe ine ndinkamva chinali chinthu chomwe timachidziwa kale kwathu: wina kuyambitsa, wina kuvomera. Mike Shinoda amayala nkhani ndi rap, pang'onopang'ono, kenako Chester amaithira moto pa kolasi. Ngakhale Chingerezi changa chinali choperewera nthawi imeneyo, ndinkadziwa kuti munthuyu chikumupweteka ndi chenicheni.

Ndinabwera ku Joni mu 2010. Gululi litalengeza kuti likubwera ku South Africa, ndinasunga ndalama miyezi iwiri, ndipo Loweruka pa 10 Novembala 2012 ndinali pa FNB Stadium, pamipando yam'mwamba kwenikweni pomwe oimba amaoneka ngati nyerere. Chester atakuwa koyamba, ndinamva chifuwa changa chikunjenjemera ngati chitsulo chomwe akuchidula ndi grinder. Pafupi nane panali mzungu wachikulire ndi anyamata awiri olankhula Chizulu, ndipo tonse tinkaimba mawu omwewo, wina kugwira phewa la mnzake. Zaka zonse zomwe ndakhala mumzinda uno, usiku umenewo ndi umodzi mwa masiku ochepa omwe palibe anandiyang'ana ngati mlendo.

Pa 20 Julaye 2017, Lachinayi madzulo, ndinaona pafoni kuti Chester wadzipha ali ndi zaka 41. Nsima ndinaisiya m'mbale. Panali patangopita miyezi iwiri atatulutsa One More Light, chimbale chomwe ambirife tinachinyoza kuti ndi chofewa kwambiri, cha pop. Mpaka lero zimandiwawa kuti nanenso ndinali m'gulu la onyozawo.

Ndiye atatulukira mu Seputembala 2024 ndi mayi wina dzina lake Emily Armstrong, wochokera ku gulu la Dead Sara, mtima wanga unakana. Sizinali zoti ndi mkazi ayi. Ndinkangoona ngati munthu wakhala pampando wa malemu maliro asanaiwalike, ngakhale kuti panali patadutsa zaka 7. Woimba ng'oma wakale, Rob Bourdon, nayenso sanabwerere, m'malo mwake munalowa Colin Brittain. Otsala ndi Mike, Brad Delson pa gitala, Dave Farrell pa bass ndi DJ wawo, Joe Hahn. Dzina la chimbalechi likukumbutsa Xero, dzina lomwe gululi linkadziwika nalo Chester asanalowe, ndiye eni akewo akutiuza poyera kuti akuyambiranso pansi.

Chimbalechi ndi chachifupi. Manambala ndi 11, koma yoyamba ndi kachiyambi ka masekondi ochepa chabe, ndiye nyimbo zenizeni ndi 10, zonse pamodzi pafupifupi mphindi 32. Ndikachiyatsa pokwera takisi kwathu, chimatha ndisanatuluke bwino m'tauni. Hybrid Theory ndi Meteora nazo sizinali zazitali, zinkangopitirira pang'ono theka la ola, koma apa ndinatsala ndi njala. Munthu wadikira zaka 7, akupatse mphindi 32?

The Emptiness Machine ndi yomwe inayamba kundifewetsa. Anachita mwanzeru: Mike ndi amene amayamba kuimba, mawu omwe tinawazolowera, ndipo Emily amalowa ndime yachiwiri, ngati mlendo yemwe mwininyumba wamugwira dzanja kumulowetsa pabalaza. Akalowa, mawu ake ndi osasa, okhala ngati muli mchenga, ndipo sakuyesera kumveka ngati Chester. Chester mawu ake anali akuthwa, owala, ankatha kuchoka pa kunong'ona kufika pa kukuwa m'kamphindi. Emily ndi wolemera pakhosi, amakankha mawu kuchokera pansi. Nditangovomera kuti awa ndi anthu awiri osiyana, chimbale chonse chinayamba kumveka.

Koma pali nyimbo zomwe zimandivuta, ndipo n'zomwe anthu ambiri akuzikonda. Heavy Is the Crown ikangoyamba, khutu limathamangira ku Faint ya pa Meteora: liwiro lomwelo, kamvekedwe ka zingwe komweko, rap pamalo omwewo. Two Faced ndi mphwake wa One Step Closer, mpaka Joe Hahn akukanda mbale monga ankachitira mu 2000. Cut the Bridge imayenda ngati Bleed It Out ya mu 2007. Ndi nyimbo zamphamvu, sindikukana, ndipo mu Heavy Is the Crown muli pomwe Emily amakuwa nthawi yaitali osapuma mpaka tsitsi limaima. Koma kwathu malemu akaikidwa, zovala zake zimagawidwa kwa abale, ndipo ukaona mphwake atavala jekete ija, ngakhale imukwane bwanji, chomwe umaona ndi mwini wake. Ndi mmene ndimamvera pa nyimbo zitatuzi. Zimandibwezera ku zimbale zawo zakale, ndipo kumeneko From Zero singapambane.

Pomwe chimbalechi chimaima pachokha ndi pomwe asiya kuyang'ana m'mbuyo. Over Each Other amaimba Emily yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nkhani ya anthu awiri omwe aliyense akulankhula koma palibe akumvera mnzake. Aliyense amene anakanganapo ndi mkazi wake pafoni, iye ali ku Joni mayiyo ali ku Malawi, data ikutha, aidziwa nyimbo imeneyi. Nyimbo yotere Chester sakanaiimba chonchi, ndi ya Emily basi.

Ndiye pali Overflow. Abale anga, ife amene tinakula ndi reggae ya ku Chileka, nyimbo iyi ikulowani msanga kuposa zonse. Bass yake imayenda mwaulesi ngati dub, mawu amabwerera kutali ngati mukuimbira m'chitsime, ndipo safulumira kuponya gitala. Imandikumbutsa mtima womwe anali nawo pa A Thousand Suns mu 2010, pomwe anagwira ntchito ndi Rick Rubin n'kupanga chimbale chomwe ambiri anachikana poyamba koma lero amachilemekeza. Linkin Park yomwe ndimaikonda kwambiri ndi imeneyo, yosaopa kukhumudwitsa otsatira ake. Ndikanakonda nyimbo zina ziwiri zamtundu wa Overflow m'malo mwa Stained, yomwe kwa ine ndi yamadzimadzi, imangodutsa osasiya kanthu.

Casualty ndi yaukali, yothamanga, ya mtundu wa chimbale chawo cha The Hunting Party cha mu 2014. Emily amaikwanitsa, koma Mike akamakalipa mawu ake samukhala, amamveka ngati akudzikakamiza. Nyimbo ya IGYEIH ili bwino, makamaka chakumapeto.

Tsopano ndifike pa chomwe chandichititsa kuchotsa nyenyezi imodzi, chifukwa si nkhani ya mawu a Emily kapena ng'oma za Colin. Ndi nkhani ya komwe chala chikuloza. Nyimbo zakale, monga Crawling, Breaking the Habit kapena Somewhere I Belong, munthu ankalimbana ndi iye mwini. Mdani anali m'mutu mwake momwemo, ndipo ankavomera poyera kuti zikumukanika. Pa From Zero nyimbo zambiri zikuloza munthu wina: iwe wandinamiza, iwe ndi wankhope ziwiri, iwe wandidyera masuku pamutu. Ndi mkwiyo wabwino, umakupatsa mphamvu m'mawa wa Lolemba pomwe ukudziwa kuti bwana sanakulipire ovataimu. Koma si womwe unandisunga ine.

Chaka changa choyamba kuno ndinkagona m'chipinda chimodzi ndi anthu anayi, ntchito ikupezeka lero mawa ayi, kumudzi akuimba foni kufunsa ya feteleza. Ife amuna a Chimalawi sitinaphunzitsidwe kunena kuti maganizo atilemera. Ukanena amati limba mtima, ndiwe mwamuna. Ndinkafunda bulangete kumutu, mahedifoni m'makutu, n'kumamvera munthu wina akunena mokuwa zomwe ine sindikanatha kuuza ngakhale mbale wanga. Zimenezo n'zomwe ndinkasaka pa chimbale chatsopanochi, ndipo ndazipeza pa nyimbo imodzi yokha, yomaliza, Good Things Go. Apo Mike ndi Emily amathirirana mang'ombe modekha, munthu akuvomera kuti iye mwini ndi amene amawononga zabwino zomwe ali nazo, ndipo Emily amakwera m'mwamba mosakuwa. Tsiku lina ndinaibwereza kanayi nditaima pa rank ku Noord, takisi ziwiri n'kundisiya. Chimbale chonse chikanakhala ndi mtima umenewu, bwenzi ndikupereka nyenyezi zonse zisanu.

Kajambulidwe kake ndi koyera kwambiri, Mike ndi amene anatsogolera ntchitoyo. Chilichonse chimamveka pamalo pake, komabe gitala ya Brad ilibe kulemera komwe inali nako pa zimbale ziwiri zoyamba zomwe anajambula ndi Don Gilmore. Colin amamenya ng'oma mopepuka ndi mothamanga kuposa Rob, yemwe ankakhazikika ngati munthu wosinja pamtondo. Sindinganene kuti wina ndi woposa mnzake, koma khutu lakale limazindikira.

Pondandalika, Meteora ndi Hybrid Theory zikadali pamwamba, A Thousand Suns pambuyo pake. From Zero ndikuiika pafupi ndi Minutes to Midnight ya mu 2007, ndipo kwa ine yaposa Living Things ndi The Hunting Party. One More Light sindiikanso pamndandanda uliwonse, chifukwa chichokereni mwini mawu aja sindingathe kuimvera ngati chimbale wamba.

Mwana wa achemwali anga, wazaka 15, wobadwira konkuno, anandipeza Loweruka lina ndikumvera Heavy Is the Crown. Anati, "Amalume, inunso mumaidziwa imeneyi?" Iye anaidziwira ku mpikisano wa masewera a pakompyuta a League of Legends, komwe inali nyimbo ya mpikisano wa dziko lonse wa mu 2024. Kwa iye Linkin Park ndi Emily, ndipo za jekete ya malemu zomwe ndanena zija iye sakuziona n'komwe. Ndinamuikira Faint. Anakhala chete mpaka inatha, kenako anafunsa kuti, "Bambo akuimbawa ali kuti pano?" Ndinamuuza zoona zake, tinakhala pakhonde nthawi yaitali tikukambirana zinthu zomwe ine pa msinkhu wake palibe anandikambirapo. Anapita ndi CD yanga ya Meteora, ndipo ndinamuuza kuti asafulumire kubweza.

Ngati simunagule, funani ya deluxe yomwe inatuluka mu Meyi 2025, muli nyimbo zina zitatu zatsopano, ndipo Up From the Bottom ndi yabwino kuposa zingapo za pa chimbale choyambacho. Ine ndinafulumira, ndiye zimenezo ndimamvera pafoni. Overflow musaimvere pa sipika ya foni, bass yake yonse imathera m'njira. Ipezereni mahedifoni abwino kapena sipika yaikulu.