Bafa lathu lam'mwamba, patatha miyezi isanu ndi inayi

Dzinja lonse lapitali takhala tikusambira m'mwamba, ndiye pano nditha kulankhula za bafa lomwe tinalisamutsa. Nyumba yathu ya ku Chitakale ndi yosanja. Pansi timafuna kukulitsa golosale, choncho bafa ndi chimbudzi zinakwera.

Nkhani ya pulani ndinkaiona ngati kungotaya ndalama. Nyumba yangayanga, n'kumakapemphanso chilolezo kukhonsolo? Koma lamulo la Physical Planning Act la 2016 lilipo, ndipo amene anatijambulira pulani sanafune zachidule. Anaumirira paipi ya chimbudzi ya 110mm, yopendekeka sentimita imodzi pa masentimita 40 alionse, komanso paipi yotulutsa mpweya yopitirira denga. Ineyo ndinkati paipi imeneyo ndi yokongoletsa chabe. Ayi ndithu. Ikasowa, madzi akamatsika mwamphamvu amakoka timadzi tija timakhala m'khosi mwa sinki, fungo la sepitiki thanki n'kulowa m'nyumba. Kwathu fungo sitinalimvepo. Poboola silabu, wojambula pulani uja anaimirira pomwepo kuti amisiri asadule zitsulo zam'kati.

Pomwe ndinagwa napo ndi pa matailosi. Pulani inati pansi pake papakidwe kaye mankhwala otchinga madzi. Mmisiri wanga anaseka: "Bwana, matailosi awa madzi sadutsa, sungani ndalama zanu." Ndinamvera, poti mawuwo anali okoma m'thumba. Matailosiwo madzi sadutsadi, amadutsira m'mizere ya pakati pake. Chiperoni chitafika mu Juni, khoma osauma, tinaona banga lachikasu kudenga la golosale, pamwamba penipeni pa mabelo a shuga. Kenako chuku, utoto n'kuyamba kufundukuka. Tinaswa matailosi onse a m'shawa n'kuyambiranso, ndipo mayi a kunyumba mpaka lero amandikumbutsa.

Madzinso m'mwamba amafika aulesi. Thanki yathu ya malita 1,000 ikadzaza imalemera tani yathunthu, ndiye sitikanangoikhazika padenga. Ili pa nsanja yachitsulo panja. Koma yangopitirira shawa pang'ono, pomwe mphamvu ya madzi imadalira kutalika kwa thanki. Shawa imangodontha ngati mvula yowaza, mpaka tagula kapampu.

Amayi anga atabwera kuchokera ku Limbuli anayang'ana masitepe aja, n'kuti, "Mwanawe, mawondo angawa akakwere phiri chifukwa chosamba?" Amasambirabe m'bafa la panja ndi chidebe chawo.