Thanki ya IBC ndi pampu yomira m'madzi: zimene ndaona pa ntchito yotsuka mawindo ku Luton

Kwa miyezi 14 tsopano ndakhala ndikugwiritsa ntchito thanki ya IBC (chibotolo chachikulu cha pulasitiki chokhala mu khola la zitsulo) ya malita 1,000 pamodzi ndi pampu yomira m'madzi posunga ndi kusamutsa madzi amene ndimatsukira mawindo a nyumba za anthu kuno ku Luton, ku England, ndipo popeza abale angapo amene akufuna kuyamba ntchito yomweyi akhala akundifunsa ngati kugula zipangizozi sikutaya ndalama, ndaona kuti ndi bwino ndilembe zimene ndaona ndi maso anga. Yankho langa ndi lakuti sikutaya ndalama ayi, koma munthu asaganize kuti akangozitsitsa m'galimoto ya wogulitsa ndiye kuti ntchito yatha, chifukwa tinthu ting'onoting'ono tolumikizira ndi timene timachititsa kuti zonse ziyende bwino kapena zikhale mutu wopweteka.

Otsuka mawindo ambiri ku Britain anasiya kukwera makwerero, makamaka kuchokera pamene malamulo a Work at Height Regulations anakhazikitsidwa mu 2005, amene amanena kuti munthu apewe kugwira ntchito pamwamba ngati pali njira ina yoigwirira ali pansi. Masiku ano timaima pansi n'kumatsuka ndi ndodo yaitali yokhala ndi burashi kumapeto, madzi akudutsa m'kapaipi mpaka pagalasi, ndipo galasilo timalisiya kuti liume lokha osalipukuta. Kuti liume popanda mawanga, madziwo ayenera kukhala opanda mchere wina uliwonse wosungunukamo. Apa ndi pamene Luton amavutira, chifukwa madzi athu amachokera pansi pa nthaka ya miyala ya choko ya kumapiri a Chiltern, ndipo aliyense amene anasuzumirako mu ketulo ya kuno amadziwa zoyera zimene zimakakamira mkati mwake. Kachipangizo kanga koyezera TDS (kuchuluka kwa mchere wosungunuka m'madzi) kamaonetsa pafupifupi 300 ppm (magawo 300 pa miliyoni) pa madzi a pampopi, pamene madzi otsukira ndimafuna aonetse 000. Anzathu a ku Manchester, amene madzi awo ambiri amachokera ku Lake District, amakwanitsa kuyeretsa madzi ndi resin yekha (timikanda timene timachotsa mchere m'madzi), koma kuno kuchita zimenezo kungamalize phindu lonse pogula resin, choncho madzi amayamba adutsa pa sefa ya reverse osmosis (RO), imene imachotsa mchere wambiri, kenako n'kumalizira pa resin.

Vuto la sefa ya RO ndi lakuti imatulutsa madzi pang'onopang'ono, ndipo madzi akazizira m'miyezi ya Disembala ndi Januwale imachedwa kuposa kale. Chaka changa choyamba ndinkalumikiza sefa mwachindunji ku thanki ya m'vani, zomwe zinkatanthauza kuti galimoto iyenera kugona pafupi ndi mpopi usiku wonse paipi itadutsa pabwalo, ndipo tsiku limene madzi andithera masana ndinkaweruka ngakhale kuti nyumba zina zinali zikundidikira. Ubwino waukulu wa thanki yokhala pamalo amodzi ndi wakuti sefa imagwira ntchito yake ine ndili kutali, ndipo madzi amandidikira okha m'galaja m'malo moti ine ndiziwadikira.

Thankiyo payokha ndi yosavuta kuimvetsa. Ndi chibotolo chachikulu cha pulasitiki chokhala mu khola la zitsulo, chokhazikika pa paleti, ndipo pansi pake imatenga malo a mamita 1.2 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, kotero kuti imalowa bwino pakona ya galaja wamba. Ikadzaza imalemera kuposa tani imodzi, popeza lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho iyenera kukhala pa simenti yosalala ndipo malo ake muwasankhe isanalowe madzi, chifukwa ikadzaza palibe angaisunthe. Yanga ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wa mapaundi 60, koma ndiyenera kunena kuti iyi inali yachiwiri. Yoyamba ndinaigula mwachangu kwa munthu wina amene ananditsimikizira kuti inatsukidwa, ndipo ngakhale ndinaitsukuluza kangapo, madzi amene ankalowamo akuonetsa 000 ankatuluka akuonetsa manambala okwera komanso akununkha mankhwala. Pulasitiki imasunga fungo ndi zotsalira za zimene zinakhalamo, ndipo madzi oyeretsedwa amakoka msanga chilichonse chimene akhudzana nacho. Pogula, funsani kuti munali chiyani, werengani chipepala chomatidwa pa khola lake, tsegulani chivindikiro mununkhize, ndipo musankhe imene munali zinthu zodyedwa monga madzi a zipatso. Thanki imene munali mafuta kapena sopo musaitenge ngakhale atakupatsani ulere.

Chinthu china chimene ogulitsa satchula ndi ndere. Pulasitiki ya IBC wamba imalola kuwala kulowa, ndipo thanki ikakhala padzuwa mkati mwake mumayamba kubiriwira. Ine ndinaikuta ndi pepala lakuda lokhuthala, kusiya kampata kakang'ono koonera pamene madzi afika, ndipo mpaka pano mkati mwake ndi moyera.

Pa pampu ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Ndinasankha pampu yomira ya madzi oyera ya mawati 400, yoyendera magetsi a m'nyumba, chifukwa ndi yotsika mtengo, sichita phokoso, ndipo sifuna kuithira madzi kaye kuti iyambe kukoka monga zimachitira pampu zina zokhala kunja kwa thanki. Chimene sindinaganizire ndi kukula kwa pakamwa pa thanki. Chivindikiro cha IBC zambiri ndi cha mamilimita 150, ndipo pampu yanga pamodzi ndi kachoyandama kake kozimitsira inakana kulowa, mpaka ndinachita kudula bowo lalikulu pamwamba ndi kupanga chovindikira china kuti fumbi ndi akangaude zisagweremo. Zinatheka, koma zikanakhala bwino ndikanayeza kaye, kapena kufufuza thanki ya chivindikiro cha mamilimita 225, imene imapezeka ngakhale kuti si kawirikawiri. Njira ina ndi kugwiritsa ntchito valavu ya pansi pa thanki ndi pampu ya kunja, koma pamenepo mudzafunika cholumikizira cha mazinga a S60x6, chifukwa zolumikizira za mapaipi wamba sizigwirizana ndi mazinga a valavuyo. Kachoyandama kaja nakonso kamazimitsa pampu madzi akadalipo ndithu pansi, kotero kuti pa malita 1,000 olembedwawo, amene mungawakoke mosavuta ndi ocheperapo. Ena amakamangirira m'mwamba kuti pampu isazime, koma ine sindichita zimenezo chifukwa pampu yoyenda popanda madzi imapsa.

Mphamvu ya pampu ilibe phindu ngati paipi ndi yopapatiza. Masabata oyamba ndinkagwiritsa ntchito paipi yothirira maluwa ya theka la inchi, ndipo kudzaza thanki ya m'vani ya malita 500 kunkanditengera pafupifupi theka la ola, ine ndili chilili pamphepo ya m'mawa. Nditasintha n'kuika paipi ya inchi imodzi yolimba m'mbali, imene sipindika n'kutseka madzi, nthawiyo inatsika kufika pa mphindi zosakwana 10 ndi pampu yomweyo. Kumapeto kwake ndinaika chotsekera chooneka ngati chija chothirira mafuta pa galimoto, ndipo ndinachita zimenezi nditaphunzira mowawa, pamene tsiku lina paipi inafwamphuka pakamwa pa thanki ine ndikuyankha foni, madzi n'kudzaza pansi pa vani mpaka kunyowetsa batire ndi kachipangizo koyendetsera pampu ya ndodo. Zolumikizira zonse ndinasankha za pulasitiki kapena za chitsulo chosachita dzimbiri, popeza madzi oyeretsedwa amadya mkuwa pang'onopang'ono. Pulagi ya pampu iyenera kudutsa pa RCD, kachipangizo kodula magetsi msanga akayamba kudutsa polakwika, ndipo pa mfundo iyi sindingalole kukambirana, chifukwa munthu amakhala ataimirira pa simenti yonyowa atagwira paipi yochokera m'thanki mmene muli chipangizo cha mavoti 230.

Kumbali yolowetsa madzi, ndikupempha aliyense kuti asayambe popanda chozimitsa chokha thanki ikadzaza. Ine ndinaika kachoyandama kolumikizidwa ku valavu ya magetsi imene imatseka madzi asanalowe mu sefa, ndipo ubwino wake ndi wakuti imaimitsanso madzi otayidwa. Izi n'zofunika chifukwa RO imataya madzi ochuluka ngati amene yayeretsa, nthawi zina kuposa pamenepo, ndipo nyumba yanga ili ndi mita, choncho sefa ikayenda usiku wonse pachabe ndimadzaona pa bilu. Madzi otayidwawo mayi a kunyumba amathirira ndiwo zamasamba m'chilimwe, ndipo mpiru wathu sunadandaulepo. Pa mpopi wa kunja payeneranso kukhala valavu yoletsa madzi kubwerera m'mapaipi a anthu onse, monga malamulo a Water Fittings a 1999 amafunira.

M'nyengo yozizira thanki yodzaza imapirira, chifukwa madzi ochuluka chonchi saundana msanga m'galaja yotseka, koma paipi, valavu ndi sefa ndi zimene zimaonongeka. Sefa ya RO ikaundana kamodzi kokha ikhoza kutheratu, ndipo ndi chipangizo chodula kuposa thanki ndi pampu kuphatikiza. Ndimasiya kahita kakang'ono ka mafuta kokhala ndi thermostat (choyatsa ndi kuzimitsa chokha malinga ndi kuzizira) pafupi ndi sefa, ndipo ndikamaliza kudzaza vani ndimakhuthula madzi otsala m'paipi ndisanaikulunge.

Pomwe zipangizozi sizingakuthandizeni ndi pa kulemera kwa galimoto. Kukhala ndi madzi ambiri m'galaja kumakopa munthu kuti agule thanki yaikulu ya m'vani, koma malita 500 ndi makilogalamu 500, ndipo mukaonjezera thankiyo, chimango chake, batire, mapaipi ndi inu eni, vani yaing'ono imakhala itapyola kale katundu amene inaloledwa kunyamula. Thanki yanga ya m'vani ili ndi zipupa mkati zoletsa madzi kukhavukira kutsogolo pamene ndaponda mabuleki, ndipo chimango chake chinamangidwa ndi mabawuti kudutsa pansi pa galimoto, osati ndi zingwe zokha. Nditapita kukayezetsa vani pa sikelo ya magalimoto thanki ili yodzaza, ndinapeza kuti malo otsala ndi ochepa kwambiri, kotero kuti tsiku limene ndatenga mnzanga wothandiza ndimathira malita 400 okha, ndipo akatha masana ndimabwerera ku galaja kukadzazanso, ulendo umene tsopano umanditengera nthawi yochepa kuposa kudya nkhomaliro.