Maboti a Keswick Launch ndi phiri la Catbells: ulendo wa ana, apongozi ndi galu

Sabata yomaliza ya Okutobala, ana atatsekera sukulu kwa masiku ochepa, tinanyamuka ku Manchester m'bandakucha kupita ku Keswick, tauni yaing'ono ya m'dera la Lake District, kumpoto chakumadzulo kwa England. M'galimoto tinalimo asanu: ine, mayi a kunyumba, ana athu awiri ndi apongozi anga amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Thyolo, ndipo kumbuyo kwenikweni kunagona galu wathu Kambuku. Ulendowu ndi wa maola awiri ndi pang'ono, kudzera mu msewu wa M6 mpaka ku Penrith, kenaka kukhotera mu A66. Tinkafuna kukwera phiri la Catbells, koma chimene ndikuwunika pano ndi maboti a Keswick Launch oyenda pa nyanja ya Derwentwater, chifukwa popanda iwo gulu la anthu osiyana mphamvu ngati lathuli silikanayenda limodzi tsiku limenelo.

Vuto loyamba la Catbells ndi poimika galimoto. Phirili lili tsidya la nyanja, moyang'anizana ndi Keswick, ndipo timisewu topita kumeneko ndi topanikizika kotero kuti magalimoto awiri amapatukirana movutikira. Malo oimikapo a m'munsi mwa phiri ndi ochepa ndipo amadzaza dzuwa lisanakwere. Boti limathetsa zimenezi. Galimoto mumaisiya ku Keswick, pafupi ndi nyumba ya zisudzo ya Theatre by the Lake, n'kuyenda pang'ono kufika pa jeti, kamlatho ka matabwa kokwererapo boti, ndipo boti limakutsitsani pa Hawse End, pamene njira yokwera phiri imayambira.

Mabotiwo ndi amatabwa, achikalekale koma osamalidwa bwino, okhala ndi mipando ya pamtetete kwa ofuna kuona malo ndiponso mbali yofoleredwa kwa othawa mphepo. Kuzungulira nyanja yonse kumatenga mphindi pafupifupi 50, ndipo boti limaima pa majeti angapo monga Nichol End, Hawse End, Low Brandelhow, High Brandelhow, Lodore ndi Ashness Gate. Mungathe kugula tikiti yofikira pa jeti imodzi kapena yozungulira nyanja yonse. Chofunika kuchimvetsa musanalipire n'chakuti maboti amasinthana kolowera: ena amayambira kumadzulo, ena kum'mawa. Loyambira kumadzulo limafika pa Hawse End m'kanthawi kochepa, pamene linalo limayamba lazungulira pafupifupi nyanja yonse. Mayi wogulitsa matikiti anatifotokozera zimenezi tisanafunse n'komwe, ataona nsapato zathu ndi zikwama, ndipo anabwereza kawiri nthawi ya boti lomaliza. Kubwerezako ndinakuona ngati kuchulutsa gaga m'diwa, koma madzulo ake ndinazindikira kuti mayiyo amawadziwa bwino anthu a mtundu wanga.

Agalu amaloledwa kukwera, malinga akhale omangidwa. Apongozi ataona Kambuku akulowa pa jeti anaima kaye n'kufunsa kuti, "Bambo a Chisomo, galuyu nayenso akukwera nawo?" Nditavomera anapukusa mutu, chifukwa kwathu galu ndi wa pabwalo, ntchito yake ndi kuuwa usiku ndi kusaka, ndipo sakhala pampando woyandikana ndi munthu wamkulu. Koma m'botimo munali agalu ena anayi, onse phee pansi pa miyendo ya eni ake. Kambuku yekha ndi amene anakakamira pa mpata wa pakati pa jeti ndi boti, miyendo yakutsogolo itauma gwa, maso ali pa madzi akuda amene ankagavira m'munsimo. Mnyamata womanga zingwe sanatifulumizitse. Anakoka chingwe kuti boti ligundane ndi matabwa, anaponda mwendo wake pampatapo kuti galu asaone madzi, ndipo Kambuku anadumphira mkati. Ndi kanthu kakang'ono, koma kanandionetsa kuti antchitowa amakweza agalu tsiku ndi tsiku.

Nyengo imeneyi kuno amaitcha autumn, ndipo ndi yosiyana kutalitali ndi Okutobala wa kwathu wa dzuwa loswa mtengo. Mitengo ya m'mbali mwa nyanja inali yofiirira ndi yachikasu, masamba akuyoyokera m'madzi, ndipo zitsamba za bracken zimene zimakuta mapiriwa zinali zitasanduka mtundu wa dzimbiri. Tili m'boti tinkaona zilumba za nyanjayi, kuphatikizapo St Herbert's Island, chimene chinatchedwa dzina la munthu wopemphera amene ankakhala yekha pamenepo ndipo anamwalira mu 687. Phokoso la injini ndi lochepa moti tinkamvana bwino polankhula.

Pa Hawse End m'pamene ubwino weniweni wa mabotiwa unaonekera, chifukwa tinatha kugawikana popanda aliyense kutsalira. Apongozi, amene mawondo amawavuta, anatenga njira ya m'mphepete mwa nyanja pamodzi ndi mayi a kunyumba ndi mwana wamng'ono. Njira imeneyo ndi yosakwera kwambiri ndipo imadutsa m'nkhalango ya Brandelhow, malo oyamba amene bungwe la National Trust, losamalira malo achilengedwe ndi a mbiri yakale, linagula ku Lake District mu 1902. M'mbali mwake muli chosema chachikulu chamtengo cha manja awiri otambasula, chimene mwana anakhalamo n'kujambulitsa. Ine, Chisomo ndi galu tinalunjika kuphiri, titagwirizana kuti tikakumane pa jeti ya High Brandelhow. Tikanabwera pa galimoto tikanakakamizika kubwerera pamene tinaimika, koma boti limalola munthu kutsikira jeti ina n'kukakwerera ina.

Catbells ndi lotalika mamita 451 okha. Munthu amene anakulira moyang'ana Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002, angaliseke kuti ndi chulu, ndipo ndivomere kuti nanenso ndinaliseka. Komabe njira yake imayamba ndi chitunda chokhotakhota chimene chimathetsa mpweya, ndipo pali malo awiri a matanthwe pamene munthu amafunika kugwira ndi manja: ena ali chakumunsi, pafupi ndi chikwangwani chokumbukira Thomas Arthur Leonard, amene analimbikitsa maulendo a kumapiri kwa anthu wamba, ndipo ena ali pansi penipeni pa nsonga. Miyalayo inapekesedwa ndi mapazi a anthu mpaka kusalala, ndipo ikanyowa imaterera ngati therere. Pa thanthwe lachiwiri Kambuku analephera kukwera yekha. Chinatipulumutsa ndi lamba wa pachifuwa wokhala ndi chogwirira pamsana, chifukwa ndinamunyamula ngati chikwama n'kumuika pamwamba, Chisomo atagwira chingwe kumtunda. Galu womangidwa m'khosi mokha simungamukweze motero popanda kumupotokola.

Paphiri ponsepo pamadya nkhosa za mtundu wa Herdwick, zotuwa thupi ndi zoyera kumaso, ndipo palibe mpanda wozilekanitsa ndi njira. Lamulo la malo otere limafuna kuti galu akhale pa chingwe chosapitirira mamita 2 nthawi iliyonse imene ali pafupi ndi ziweto, komanso nthawi yonse kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 31 Julaye, pamene mbalame zimaikira mazira pansi. Tinaona bambo wina atamasula galu wake chifukwa chakuti "ndi wofatsa", ndipo pasanathe mphindi ziwiri galuyo anali atabalalitsa nkhosa zitatu kutsetsereka phiri, mwini wake akukuwa dzina lake pachabe. Nkhosazo zili ndi eni ake, ndipo nyengo imeneyi ndi imene zimayandikira kukweredwa, choncho kuzithamangitsa n'kuwononga chuma cha mlimi.

Pansonga malo ndi ochepa ndipo mphepo inali yobaya m'makutu, koma maso amaona patali: nyanja yonse ndi zilumba zake, Keswick ndi phiri la Skiddaw la mamita 931 kumbuyo kwake, chigwa cha Newlands mbali ina, ndi Borrowdale chakum'mwera. Boti linkaoneka ngati kambewu ka mtedza kakukoka mzere woyera pamadzi. Tinakhala pansi kuseri kwa mwala, tinamwa tiyi wa mu fulasiki ndi mandasi amene apongozi anakazinga usiku wake, ndipo apa m'pamene ndinalakwitsa. Mawotchi anali atabwezedwa ndi ola limodzi Lamulungu lapitalo, monga zimachitikira Lamulungu lomaliza la Okutobala chaka chilichonse, kutanthauza kuti dzuwa limalowa nthawi isanakwane 5 koloko, koma ine ndinkawerengabe tsiku ngati la m'chilimwe. Tili pomwepo kunabwera kamvula kowaza kochokera ku Borrowdale, chigwa chimene mudzi wake wa Seathwaite umatchuka kuti ndi umodzi mwa malo a mvula yambiri mu England monse. Njira yotsikira pa Hause Gate kulowera ku Manesty ndi ya masitepe amiyala, ndipo itanyowa, galu akukokera kutsogolo, tinatsika mwa kachetechete ngati onyamula mazira.

Boti limene tinapangana tinaliona likuchoka pa High Brandelhow tikadali m'mitengo. Apongozi ndi enawo sanakwere, anatidikira. Majeti a tsidya limenelo ndi matabwa chabe olowa m'madzi, choncho wodikira m'nyengo imeneyi ayenera kukhala ndi jekete losalowa madzi ndi chovala china chouma m'chikwama. Ndibwinonso kudziwa kuti maulendo amachepa chaka chikamapita kumapeto, ndipo mvula ikagwa yambiri nyanja imadzaza mpaka majeti ena kumira, moti boti silingaimepo. Funsani pogula tikiti ngati jeti imene mukufuna kukwererapo madzulo ikugwira ntchito tsikulo. Nthawi yodikirayo tinaigwiritsa ntchito pofufuza nkhupakupa pa Kambuku, chifukwa m'zitsamba zodutsamo nkhosa zimakhalamo, ndipo tinapeza imodzi kuseri kwa khutu isanalume. Sitinamulole kumwa madzi a m'mphepete mwa nyanja, popeza nyanja za kuno nthawi zina zimachita ndere zobiriwira zimene zimapha agalu. Madzi ake tinanyamula m'botolo.

Boti lotsatira linafika pa nthawi yeniyeni yolembedwa pa chikwangwani, kunja kukuyamba kuchita mdima, ndipo mnyamata womanga zingwe anali yemwe uja wa m'mawa. Anamuzindikira Kambuku, anakokanso chingwe n'kuponda pampata paja, ndipo anagwira apongozi pamkono mpaka atakhala pansi. Mtengo wa matikiti a anthu asanu si wochepa poyerekeza ndi kuyenda wapansi, koma ndikauika pambali pa kuzungulira timisewu kufunafuna poimika galimoto, ndi kuti mayi wachikulire anayenda gawo lake la ulendo osasiyidwa m'galimoto, ndalamayo sindikuidandaula, ndipo tikadzapitanso tidzakwera lomwelo, koma la m'mawa kwambiri. Tinakhala mbali yofoleredwa, mawindo atachita nthunzi. Kambuku, atanyowa ndiponso akununkha matope, anakadzipinda pa mapazi a apongozi, ndipo nditafuna kumukoka iwo anandiletsa ndi dzanja. "Musiyeni, bambo a Chisomo," anatero akukonza chitenje chawo. "Chiperoni cha kunoku n'choopsa, ndipo ameneyu akundifunditsa mapazi."