Gîte ya ku Dordogne kapena agriturismo ya ku Tuscany: mupite kuti ndi ana?

Anzanga kuno ku Leicester amakonda kundifunsa kumene angapite ndi banja sukulu zikatsekera. Ine, bambo a kunyumba ndi ana athu atatu tayesa njira ziwirizi, ndipo zikusiyana pa chinthu chimodzi chachikulu: kwina mumadzisamalira nokha, kwina mumalandiridwa.

Gîte ndi nyumba ya kumudzi ku France imene mumachita lendi yonse, kawirikawiri kuyambira Loweruka mpaka Loweruka linzake. Bungwe la Gîtes de France, lomwe linayamba mu 1955, limasonyeza ubwino wa nyumba ndi ngala za tirigu, imodzi mpaka zisanu. Yathu inali pafupi ndi Sarlat, kumene msika umakhalako Lachitatu ndi Loweruka. Tinkagula nyama ya bakha yophikidwa m'mafuta ake omwe, tomato ndi sitiroberi, madzulo n'kuphika nsima ya ufa umene tinanyamula m'galimoto. Ufa mutha kuwoloka nawo, koma nyama ndi zamkaka zochokera ku Britain n'zoletsedwa. Ana anasangalala ndi mabwato pa mtsinje wa Dordogne komanso zithunzi za phanga la Lascaux ku Montignac. Ndalama zinapita zochepa, poti mumalipira nyumba osati mutu wa munthu. Koma mwininyumba tinamuona kawiri kokha, potipatsa kiyi ndi pamene tinkamubwezera kiyiyo. Ine ndinangosamutsa khitchini yanga kupita nayo ku France.

Agriturismo, yomwe ndi famu yolandira alendo ku Italy, ndi nkhani ina. Italy inakhazikitsa lamulo lake mu 1985 pofuna kuti alimi asathawe minda, ndipo ulimi uyenera kukhalabe ntchito yaikulu ya pakhomopo. Choncho mukafika, mwafikadi pa mlimi. Tinagona kufupi ndi Pienza, m'chigwa cha Val d'Orcia. Tsiku lachiwiri agogo a pakhomopo anamukoka mwana wathu wamkazi kupita naye kukhitchini, n'kumuonetsa kupota mtanda ndi zikhatho mpaka utatalika ngati chingwe. Imeneyo ndiye pici, pasta ya kumeneko. Agogowo sadziwa Chingerezi, mwanayo sadziwa Chitaliyana, koma tinkangomva phwete la kuseka. Madzulo tinakhala pa tebulo limodzi ndi alendo ena, patsogolo pathu tchizi cha mkaka wa nkhosa, buledi wopanda mchere monga amaphikira ku Tuscany, ndi mafuta a maolivi a m'munda womwewo. Mbale ikangotsala pang'ono kutha, ankawonjezera osafunsa. Ndinakumbuka amayi anga ku Ntcheu, amene mlendo sachoka pakhomo pawo asanadye.

Zovuta zilipo ndithu. Chakudya chamadzulo chimabwera cha m'ma 8 koloko, wamng'ono wathu ali kale m'tulo. Mumalipira pa munthu aliyense, ndiye anthu asanu thumba limapepuka msanga. Komanso samalani ndi chikwangwani cholembedwa ZTL m'matauni akale, chosonyeza malo amene galimoto zopanda chilolezo siziloledwa kulowa: mukalowa ndi galimoto, kamera imajambula ndipo chindapusa chimakupezani kwanu patapita miyezi.

Amene muli ndi pasipoti ya Malawi, viza ya Schengen imagwira ntchito konseku.

Ngati muli ndi khanda kapena mwana wosankha zakudya, tengani gîte. Athu akula tsopano, ndiye tikubwerera ku Tuscany pa tchuthi cha kumapeto kwa Okutobala, nthawi yoyamba kuthyola maolivi. Agogo aja anatiuza ndi manja kuti tidzabwere ndi nsapato zolimba.